Tcheyamani wa chigawo anali mkamwini kwathu

Bambo anga anali tcheyamani wa chigawo chonse cha kum'mwera wa chipani china chimene anthu ambiri a kum'mwerako sanachimvepo. Chigawo chawocho chinkayambira ku Nsanje mpaka ku Mangochi, ndipo galimoto ya tcheyamani inali njinga yakapalasa yopanda mabuleki akutsogolo. Ofesi inali m'nyumba mwathu ku Nkhulambe, m'chipinda chimene tinkasungiramo makaka, choncho makalata onse a chipani ankafika kopita akununkha chinangwa chouma. Chidindo cha chipani chinkakhala m'chitini cha tiyi pamwamba pa khoma, kuopa ana.

Chipanicho chinali cha sosholizimu. Mawu amenewa bambo anawatola ali mnyamata, atawoloka malire kukakhala zaka zitatu kwa achibale ku Mozambique. Atabwerako anakalembedwa ntchito yoyeza masamba pasikelo ku minda ina ya tiyi, ndipo sanakhalitseko chifukwa anali ndi chizolowezi chowerengera othyola tiyi mokweza zimene sikelo ikusonyeza. Nthawi ya chipani chimodzi anatseka pakamwa monga wina aliyense wofuna kukalamba, n'kumalima nandolo. Matipate atabwera anakwera basi kupita ku msonkhano ku Blantyre, ndipo anabwerako patatha masiku atatu ali tcheyamani. Amayi atafunsa kuti udindo waukulu chonchi aupeza bwanji msangamsanga, bambo anayankha kuti a kum'mwera analipo atatu pa msonkhanopo, ndipo mipando nayo inalipo itatu.

Anthu akafunsa kuti sosholizimu n'chiyani, bambo ankati ndi pamene zonse zili zathu tonse: nthaka, madzi, chigayo, chipatala, popanda wina wodyera mnzake masuku pamutu. Anthu ankavomera kuti ndi mawu abwino. Kenako ankafunsa kuti nsalu za chipani zifika liti, poti zipani zinazo zinali zitagawa kale. Nsalu sizinafike. Chimene chinafika kuchokera ku likulu la chipani chinali katoni ya timabuku tachingerezi, ndipo azimayi a pamsika anatigwiritsa ntchito bwino pokulungira zitumbuwa.

Vuto la ulaliki wa bambo linali limodzi, ndipo aliyense m'mudzimo ankalidziwa. Munthu amene ankagawa nthaka ya dziko lonse pakamwayo analibe ngakhale mzere umodzi wakewake. Kwawo kunali ku Nazombe. Ku Nkhulambe anabwera chikamwini, kutsata amayi, monga achitira amuna onse kwathu kuno. Nyumba anamanga ndi manja awo, mitengo ya mango anabzala okha, koma zonsezo zinali panthaka ya mbumba ya amayi. Amalume, achimwene awo aakulu a amayi amene anali mwini mbumba, sankalola kuti bambo aiwale zimenezi.

"Alamu, nthaka mukuigawayo ndi iti?" ankatero amalume. "Inu pano munabwera ndi khasu ndi bulangete."

Bambo ankaseka n'kunena kuti n'chifukwa chake amaimvetsa bwino nkhaniyo. Amalume sankaseka nawo.

Poti dziko linkachedwa kulandira ulamuliro wa anthu onse, bambo anauyambitsa pakhomo pathu. Nkhani iliyonse yaikulu inkathera pa voti, pakhonde, pokweza manja. Kugulitsa nandolo lero kapena kudikira mtengo ukwere, voti. Kupha nkhuku alendo akabwera, voti. Ovota tinalipo asanu: bambo, amayi, ine woyamba kubadwa, mchimwene wanga wonditsatira, ndi mng'ono wanga chitsiriziro. Ine ndi mchimwene wanga tinali otsutsa boma. Mng'ono wanga ankakweza dzanja kumbali ya bambo pa chilichonse, ngakhale asanamve mutu wa nkhani. Ndiye nthawi zambiri manja ankakhala awiri uku, awiri uku, ndipo tonse tinkatembenukira ku khomo la khitchini.

Amayi sankakhala nafe pakhonde. Ankati alibe nthawi yokhala pansi ngati aphungu. Ankaimirira pakhomo la khitchinilo ndi lichero kapena mpeni m'manja, n'kumatsutsa maganizo a bambo kuyambira kumutu mpaka kumchira, mwina m'Chichewa, zikafika povuta m'Chilomwe. Akatha kutsutsako, nthawi yovota ikakwana, ankapukuta dzanja pachitenje n'kulikweza pang'ono, kulekeza paphewa, kumbali ya bambo. Ankatero chaka ndi chaka. Ine zinkandinyansa kwabasi, ndipo ndinkanena poyera kuti chisankho cha pakhomo pathu n'chobera.

Kunja kwa mpanda zinthu sizinkayenda chimodzimodzi. Bambo anaimira uphungu pa chisankho choyamba cha matipate, anaimanso pa chachiwiri, ndipo pambuyo pake anayesa ukhansala. Chizindikiro chawo chinali makasu awiri opingasa. Misonkhano ankachititsa tsiku la msika, pansi pa mtengo, atanyamula okha benchi panjinga. Anthu ankabwera ndithu, poti bambo ankadziwa kulankhula ndipo samatukwana munthu. Ankawaombera m'manja akati mutu umodzi susenza denga. Kenako kunkamveka hutala ya lole ya chipani china kumsewu, ndipo bambo ankamaliza mfundo zawo akulankhula ndi benchi ndi ogulitsa nzimbe. Zotsatira zikamalengezedwa pawailesi, dzina lawo linkabwera kumapeto, wolengezayo atatopa kale mawu. Bambo ankazimitsa wailesi kusunga mabatire, n'kunena kuti anthu sanakonzeke, koma akonzeka.

Ine ndinali mmodzi wa osakonzekawo. Ndiulule pano kuti pa zisankho zonsezo sindinachonge pa makasu awiri ngakhale kamodzi. Ndinali nditakwatiwa, mwamuna wanga atamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya amayi, ndipo ndinkaona kuti voti yanga isapite kumadzi. Nsalu ya chipani chachikulu ndinakalandira, n'kumaberekera mwana nditaitembenuza kuti nkhope ya mtsogoleri wawo iyang'ane mkati. Bambo anaiona tsiku lina ili pachingwe. Anangoti nsaluyo ndi yolimba, ndipo ndalama zake n'za misonkho yathu yomwe, ndiye ndisachite nayo manyazi.

Chaka china madzi a napolo anatsika m'phiri n'kukwirira minda ya anthu a kutsidya kwa mtsinje ndi miyala ikuluikulu. Mabanja anayi anatsala opanda polima. Bambo anabweretsa nkhani pakhonde yakuti munda wa kumunsi wa amayi, umene unali waukulu ndiponso wachinyontho, ukhale munda wa onse, mabanja anayiwo ndi ife tizilima pamodzi n'kumagawana. Ine ndi mchimwene wanga tinakana. Amayi anati mundawo anawasiyira ndi amayi awo, ndipo mlendo ukamubwereka munda amamera mizu kuposa chinangwa. Ananena zambiri. Kenako anapukuta dzanja n'kulikweza.

Amalume atamva anabwera m'mawa mwake asanasambe n'kumaso komwe. Anati chiyambire sanamvepo mkamwini akugawa munda. Amayi anawayankha kuti wagawa mundawo si mkamwini koma iwo eni ake, ndipo adakali moyo. Amalume anabwerera, koma nkhaniyo anaisunga.

Munda wa onsewo unayenda monga ziyendera zinthu za onse. Pokolola bambo ankagawa ndi ndowa, osati malinga ndi mizere imene munthu walima koma malinga ndi pakamwa pamene akudyetsa. Ndiye bambo wina amene ankafika kumunda dzuwa litakwera, khasu lake ngati lobwereka, ndi amene ankasenza zambiri chifukwa anali ndi ana asanu ndi anayi. Olimbikira ankang'ung'udza, bambo ankaitanitsa msonkhano, msonkhano unkatha tsiku lonse lolima. Koma ndinenenso chilungamo. Chaka cha njala yaikulu ija, anthu akudya mizu ndi gaga, chinangwa cha m'munda umenewo chinatifikitsa tonse ku masika, ndipo pa mabanja asanu aja sitinaike mwana m'manda. Zimenezi bambo sanazitchulepo pa msonkhano wa ndale. Ankati njala ya munthu si yochitira kampeni.

Chisankho chachitatu chikuyandikira, pakhomo pathu panaima galimoto yoyera. Anatsika amuna awiri onenepa bwino a chipani chachikulu. Iwo anali atamva kuti kuno kuli tcheyamani wa chigawo, ndipo ankakhulupirira kuti chigawocho chilipodi. Anapempha bambo kuti alowe chipani chawo pamodzi ndi anthu awo onse, akalandiridwe pa msonkhano pamaso pa makamera. Posinthana nazo anawalonjeza puloti ku Phalombe Boma, yokhala ndi nyumba yamalata yomangidwa kale, mapepala ake m'dzina la bambo. Bambo anawapatsa mipando ndi nzimbe, n'kuwauza kuti nkhani yotere sangaigamule okha. Alendowo anaganiza kuti akunena komiti ya chigawo.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe tinakhala pakhonde. Ine ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. Ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno, chipani chawocho ngakhale mtsogoleri wake wa ku likulu sakumvekanso, atenge nyumbayo. Mchimwene wanga anagwirizana nane. Bambo anati akatenga nyumbayo, mabanja anayi aja ndi onse amene anawamvapo pansi pa mtengo adzadziwa mtengo wa mawu awo. Mng'ono wanga anali atakweza kale dzanja.

Tsiku limenelo amayi sanakalipe. Anaika lichero pansi, chinthu chimene sankachita, n'kulankhula motsitsa.

"Abambo a ana, inu ndinu mkamwini. Ine ndikadzatsogola, mudzagona kuti?"

Bambo anati zimenezo zili m'manja mwa Mulungu ndi mwa anthu. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. Ine mumtima ndinati lero lokha tapambana. Kenako ndinaona dzanja lija likupukutidwa pachitenje.

Mawa lake tikusenda chinangwa ndinawafunsa amayi mokwiya kuti n'chifukwa chiyani amanena zoona kenako n'kuvotera zabodza. Sanadzutse mutu. Anati abambo ako amaluza ku Nkhulambe, amaluza ku Boma, amaluza pawailesi dziko lonse likumva, ndiye ukufuna aziluzanso ndi pakhomo pomwe? Ndinapitiriza kusenda, koma mkwiyo sunathe.

Amayi anamwalira zaka ziwiri pambuyo pake, nyengo yokolola nandolo, atadwala milungu itatu yokha. Bambo sanalire mokweza pamaliro. Ankangoyendayenda kuona ngati aliyense walandira chakudya mofanana, mpaka azibambo a mpingo anawagwira dzanja n'kuwakhazika pansi.

Patatha mwezi kunali mwambo wa kusudzula, pamene mbumba ya womwalira imamasula mwamuna wotsala kuti banja latha, angathe kubwerera kwawo. Kwa nkhalamba imene yabereka ana ndi zidzukulu pamudzi, nthawi zambiri amangomasula pakamwa, munthuyo n'kukhalabe m'nyumba yake mpaka imfa. Koma aliyense ankadziwa kuti nkhani ya bambo ili ndi munda mkati. Bambo akanakhala, mabanja anayi aja akanakhalabe m'munda wa kumunsi, chifukwa panalibe amene akanawathamangitsa bambo akuona. Ndipo m'mbumba mwathu munali atsikana atatu ongokwatiwa kumene, ana a ang'ono awo a amayi, amene amuna awo analibe polima. Sindingawanene kuti anali oipa mtima. Malo kwathu kuno ndi ochepa, ndipo mimba sidikira.

Tinasonkhana pabwalo la nyumba ya amayi m'mawa. Ku Nazombe kunachokera mphwawo wa bambo, mwana wa achemwali awo, kudzaimira akuchimuna. Mabanja anayi aja anaima kunja kwa mpanda, poti nkhaniyo sinali yawo ngakhale inali yawo. Amalume analankhula mwaulemu. Anathokoza alamu awo posunga mlongo wawo zaka zonsezo osamukwezera dzanja, n'kunena kuti mwambo wawamasula. Kenako anati nyumba ndi minda ya malemu tsopano zili m'manja mwa mwana wamkazi woyamba, ndiye ineyo ndinene ngati bambo anga akhale kapena aperekezedwe.

Ndinati akhale. Ndinanena kawiri kuti aliyense amve. Amalume anagwedeza mutu, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima anapuma, chifukwa mtolo unali utachoka pamutu pawo. Nkhani inali itatha pamenepo.

Bambo anaimirira. Anavula chipewa n'kuthokoza, kenako anati pali chimene sichinayende bwino. Anati moyo wawo wonse akhala akukana zakuti munthu mmodzi azigamula za anthu ambiri chifukwa choti nthaka ili m'manja mwake, ndipo sangayambe kuvomera lero chifukwa chakuti munthuyo ndi mwana wawo. Anati nkhaniyi ikukhudza mbumba yonse, ndiye mbumba yonse ivote.

Ndinawakoka jekete. Ndinawanong'oneza kuti bambo khalani pansi, ino si nthawi ya ndale. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono ngati akuchotsa chitsotso pa malaya. Amalume anawafunsa kawiri ngati akudziwa chimene akupempha. Bambo anati akudziwa. Amalume anati chabwino, koma ovota akhale a mbumba okha, akamwini ndi alendo ayi. Bambo anavomera kuti kaundula wa ovota ndi ameneyo, n'kutumiza mng'ono wanga kukatenga kope, bolopeni ndi chitini cha chidindo ku ofesi kuja.

Akuluakulu a mbumba tinalipo khumi ndi atatu pamodzi ndi amalume, amene monga wapampando sanavote poyamba. Bambo anaitana okha kuti ofuna kuti akhale akweze manja. Ndinakweza langa mpaka phewa kuwawa. Kanali koyamba m'moyo wanga kuwavotera. Mchimwene wanga anakweza, mng'ono wanga anakweza, ndi ena atatu. Bambo anawerenga moloza ndi bolopeni: asanu ndi mmodzi. Anaitana ofuna kuti aperekezedwe. Manja anakwera mochedwa, eni ake akuyang'ana pansi. Anawerenga: asanu ndi mmodzi.

Manja anali atafanana. Ndiye ndinaona bambo akutembenuza mutu kuyang'ana ku khomo la khitchini. Sanachite dala, khosi linangopita lokha monga linazolowera zaka makumi atatu. Ifenso ana awo atatu tinali titayang'ana komweko. Pakhomopo panali lichero lokolekedwa pamsomali.

Bambo anabweza nkhope n'kunena kuti manja akafanana, wapampando ndiye amamaliza. Amalume anakhala nthawi akupukusa mutu. Anayang'ana atsikana atatu aja, anayang'ana bambo.

"Alamu, mwandikakamiza ndinu," anatero, n'kukweza dzanja.

Bambo analemba m'kope muja, anatulutsa chidindo m'chitini, anachiuzira mpweya n'kudinda. Analengeza kuti chisankho chayenda mwamtendere ndipo akuvomereza zotsatira. Pempho lawo linali limodzi, lakuti mabanja anayi aja aloledwe kukolola chinangwa chimene chinali m'nthaka asanachoke, ndipo amalume analola. Ine ndinalowa m'nyumba n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro. Ndinawakwiyira bambo tsiku limenelo, ndipo mbali ina ya mtima wanga sinawakhululukirebe mpaka lero.

Ananyamuka tsiku lachitatu. Pakaliyala ya njinga anamanga bulangete, khasu, ndi chitini cha tiyi. Amalume anabwera kudzatsanzikana nawo, ndipo ataona katunduyo anayang'ana kumbali. Ndinawaperekeza wapansi, iwo akukankha njinga, mpaka pamlatho. Pamenepo ndinawauza kuti pa zisankho zonse zija sindinawavotere. Anati ankadziwa, poti mavoti awo pa senta yathu sanali ovuta kuwerenga. Kenako anati koma dzana ndinakweza bwino dzanja, moonekera, osati ngati amayi anga amene ankalekeza paphewa. Anakwera njinga n'kumapita, akuchepetsa liwiro ndi phazi potsetsereka.

Ku Nazombe anakhala zaka zitatu m'kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mdzukulu wa achemwali awo. Ndinkapitako pa kabaza mwezi ndi mwezi ndi ufa ndi nandolo, ndipo ulendo uliwonse ndinkawapempha kuti tibwerere, poti amalume omwe anali atanena kuti sangaletse. Ankakana. Ankati zotsatira za chisankho sizisinthidwa ndi kudandaula kwa woluza. Utcheyamani anafa nawo, chifukwa panalibe amene anawalembera kalata yowachotsa. Mtsogoleri wawo wa ku likulu anali atalowa kalekale chipani chachikulu chija, ndipo ndimamva kuti nyumba yake ndi yabwino.

Titaika maliro, mphwawo uja anandipatsa chitini cha tiyi. Munali chidindo chouma inki, ndi pepala lothothola m'kope, lopindidwa kanayi. Linali la tsiku la kusudzula lija, lolembedwa mwadongosolo monga ankalembera zokambirana za chipani: tsiku, malo, mutu wa nkhani, mayina khumi ndi atatu a opezekapo, ndi zotsatira. Pansi pake panali mzere wa osabwera ku msonkhano. Pamenepo analembapo munthu mmodzi, "mayi wa ana anga," ndipo pambali pake anawonjezera kuti pa chifukwa chomveka.